Kulowetsa tayala lothina pa limu ya tubeless

Tayala latsopano la njinga ya mpikisano limalowa bwinobwino pa limu mpaka patatsala kachigawo ka masentimita 15 kapena 20. Pamenepo limakana. Mkombero wake, m'mphepete molimba mwa tayala momwe mumakola limu, umaima njo kunja kwa khoma la limu, uli gwa, zala zili kuwawa, ndipo ambiri amathamangira liva, kachida kokwezera mkombero pa limu. Ikalephera imodzi amawonjezera yachiwiri, mapeto ake chubu chabooka, tepi yotseka mabowo a masipoko mkati mwa limu yang'ambika kapena liva yathyoka. Vutoli lachuluka chifalikireni malimu olembedwa kuti tubeless-ready, otha kugwira ntchito popanda chubu, ndipo limagwera ngakhale munthu amene alibe n'cholinga choyenda wopanda chubu, chifukwa mawilo ambiri atsopano amabwera ndi malimu a mtundu umenewu basi.

Kuthinako n'kwadala. Pa wilo la chubu, chosunga mpweya ndi chubucho, tayala limangochiphimba, choncho likhoza kukhala lomasuka pang'ono popanda vuto. Mukachotsa chubu, mkombero wa tayala ndi umene uyenera kutseka mpweya pokanirira pa limu, komanso usatanuke ndi mphamvu ya mpweya n'kudumpha khoma njinga ikuthamanga. N'chifukwa chake mikombero ya matayala a tubeless a pamsewu amaipanga ndi ulusi wa kaboni kapena wa aramid wolimba kwambiri, wosatanuka. Mungaukoke ndi mphamvu zonse, sutalika.

Njirayi inayambira pa njinga za m'mapiri mu 1999, pamene Mavic, Michelin ndi Hutchinson anatulutsa muyezo wa matayala opanda chubu wotchedwa UST. Pa njinga za pamsewu inafika mu 2006 kudzera kwa Shimano ndi Hutchinson. Kwa zaka zambiri pambuyo pake panalibe muyezo umodzi umene makampani onse ankatsatira. Wopanga tayala sankadziwa limu imene tayala lakelo lidzakumane nayo, ndiye poopa ngozi ankalithinitsa. Wopanga limu naye, pa mantha omwewo, ankaikulitsako pang'ono. Awiriwa akakumana pa wilo limodzi, wovutika ndi mwini njinga. Bungwe la ETRTO, limene limakhazikitsa miyezo ya matayala ndi malimu ku Ulaya, linadzaika muyezo wa tubeless ya pamsewu cha m'ma 2020, ndipo zipangizo zopangidwa kuyambira pamenepo zimagwirizanako bwino. Koma mawilo akale adakali pamsewu.

Kumene mpata umachokera

Mukachotsa tayala n'kusuzumira mkati mwa limu ya tubeless, muona ngalande yozama pakati penipeni. Uku ndi uku kwa ngalandeyo kuli mapewa athyathyathya, pamene mkombero umakhala tayala likapopedwa. Malimu ambiri ali ndi kamtumbira kakang'ono pakati pa phewa ndi ngalande, koletsa mkombero kugwera mkati mpweya ukachepa. Kunja kwa mapewa ndiye kuli makoma.

Manambala ake ndi awa. Pambali pa tayala pamalembedwa, mwachitsanzo, 28-622. Nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, ndipo 622 ndi kukula kwa limu m'mimba mwake mukayeza kuchoka pa phewa la mbali ino kufika pa phewa la tsidya lina la wilo. Ndiwo muyezo wa mawilo onse otchedwa 700C. Kuzungulira kwake kumakwana pafupifupi mamilimita 1,954, ndipo mkombero wa tayala umapangidwa wofanana ndi pamenepo kapena wocheperako pang'ono. Tsono khoma limakwera mamilimita 5 kapena 6 pamwamba pa phewa, kutanthauza kuti nsonga ya limu m'mimba mwake imapitirira 630. Chinthu cha 622 chosatanuka chiyenera kudumpha chinthu cha 632 kapena 634. Mkombero ukakhala pa phewa, zimenezi n'zosatheka, kaya munthu ali ndi manja amphamvu bwanji.

Ngalande ija anaiikira zimenezi. Tiyerekeze kuti ndi yozama mamilimita 3. Pansi pake limu imakhala 616 m'mimba mwake, ndipo kuzungulira kwake ndi pafupifupi 1,935. Mkombero wa 1,954 ukagona pansi pa ngalande kuzungulira wilo lonse, umatsala ndi mpata wa mamilimita 19. Mpata wonse umene ulipo ndi umenewo, palibenso wina. Ntchito yolowetsa tayala ndi yosonkhanitsa mamilimita ochepawa kuchokera kuzungulira wilo lonse n'kuwafikitsa pamalo amodzi pamene mkombero ukufunika kudumpha khoma. Mkombero ukangokwera pa phewa penapake, ngakhale pa kachigawo kochepa kumbuyo kumene simukuyang'ana, gawo lalikulu la mpatawo latayika.

Masamu omwewa amasonyeza chifukwa chimene tinthu tating'onoting'ono timasinthira zambiri. Chilichonse chimene mwaika pansi pa ngalande chokhuthala milimita imodzi chimakulitsa kuzungulira kwake ndi mamilimita 6.28. Nawo muyezo wa limu umalola kusiyana kwa pafupifupi theka la milimita m'mimba mwake, kupitirira kapena kuperewera. Limu yaikulu kwambiri yovomerezeka imaposa yaing'ono kwambiri ndi milimita imodzi, ndiye kuti mamilimita atatu pozungulira. Atatu pa 19 si pang'ono. Tayala limodzi lomwelo likhoza kulowa ndi manja pa wilo lina n'kukaniratu pa linzake, mawilo onse awiri ali abwinobwino.

Tepi

Munthu asanayambe kudandaula za tayala, ayambe waona tepi. Tepi yansalu yachikale ija, kapena lamba wokhuthala wa pulasitiki amene amabwera ndi mawilo ena, zimadya mpata wambiri. Yokhuthala theka la milimita yadya kale mamilimita atatu. Pa limu ya tubeless pamafunika tepi ya tubeless yopyapyala ndi yoterera, ngakhale mutakhala kuti muika chubu. Kuterera kwakeko kumathandizanso mkombero kutsetserekera m'ngalande.

Tepi ikhale yotambalala kuposa mkati mwa limu ndi mamilimita awiri mpaka asanu, chifukwa imatsika m'ngalande n'kukweranso, ndipo iyenera kufika kukhoma mbali zonse koma osakwera khomalo. Limu ya mamilimita 21 mkati imalandira tepi ya 23 mpaka 25. Pukutani limu ndi spiriti wa isopropyl, idikireni iume, kenako matani tepi mukuikoka mwamphamvu, chala chikuikanikizira pansi pa ngalande. Cholakwika chofala n'chakuti tepi imangodutsa pamwamba pa ngalande, yokungika ngati mlatho, pansi pake pali mphako. Poyang'ana imaoneka yaudongo, koma ngalande ya mamilimita atatu yasanduka ya imodzi ndi theka. Kumapeto tepi ipitirire pamene inayambira ndi masentimita 10 kapena kuposerapo, ndipo bowo la valavu mulibowole ndi chinthu chosongoka chozungulira, osati kucheka ndi mpeni, chifukwa pochekedwa pamapitiriza kung'ambika.

Makampani ambiri amalangiza kuzunguliza tepi kawiri pa njinga za pamsewu, popeza mpweya wake ndi wamphamvu ndipo umakankhira tepi m'mabowo a masipoko. Kawiri n'kokwana. Kachitatu ndi mankhwala a tayala lomasuka limene likukana kugwira mpweya. Pa tayala lothina kumangowonjezera mavuto. Malimu ena alibiretu mabowo a masipoko mkati, ndipo amenewo safuna tepi.

Kalowetsedwe kake

Tayala lopindika lochokera m'katoni limakhala ndi makwinya. Litambasuleni, mulisiye padzuwa kapena m'madzi ofunda kwa mphindi 15 kapena 20. Kutentha sikutalikitsa mkombero, koma kumafewetsa labala ndi nsalu ya m'mbali, ndiye tayala limamvera manja. Onaninso muvi wosonyeza kumene liyenera kuzungulira lisanalowe, poti kulichotsa chifukwa lalowa chagada ndi ntchito yowawa kawiri.

Sungunulani sopo pang'ono m'madzi, mupake pa mikombero yonse iwiri ndi pa nsonga ya khoma. Mafuta a injini, girizi kapena mafuta opopera ochotsa dzimbiri asayandikire. Amawononga labala, sauma, ndipo amatha kufika pa mabuleki. Sopo amaterera nthawi imene mukumufuna kenako n'kuuma.

Mkombero woyamba nthawi zambiri suvuta kwenikweni, chifukwa ngalande imakhala yopanda kanthu. Ukalowa, ukankhireni kumbali ya kutali, uchoke pansi penipeni pa ngalande. Ambiri amaiwala zimenezi. Ngalande za malimu opapatiza sizikwana mikombero iwiri pamalo ozama kwambiri, choncho woyamba ukakhala pamenepo, wachiwiri umagona pa mtunda.

Mkombero wachiwiri muuyambire mbali yoyang'anizana ndi valavu, mukamalizire pa valavu. Ambiri anaphunzira zosiyana ndi zimenezi pa njinga zakale, ndipo pa malimu akale zinkatheka. Koma tsinde la valavu ya tubeless, lija la labala, limakhala m'kati mwenimweni mwa ngalande. Pamalo amenewo mkombero sungatsike. Mukayambira pa valavu, ndiye kuti malo amene anayenera kupereka mpata wochuluka, oyang'anizana ndi pomalizira, ndi amene atsekeka. Mukamalizira pa valavu palibe chimene mwataya, chifukwa kachigawo komaliza sikafunika kukhala m'ngalande.

Lowetsani ndi manja onse awiri, lina kumanja lina kumanzere, mpaka tayala litayamba kulimba. Apa imani, musalimbane nalo. Imikani wilo pansi, valavu ili kumunsi, kapena mulitsamize pa ntchafu valavu ili kutali ndi mimba yanu. Bwererani pamene munayambira, mutsine tayala kuti mkombero ugwere pansi pa ngalande, ndipo mukutsina choncho, tsetserekani ndi manja onse awiri kulowera ku valavu, mukukokera tayala kumeneko monga mmene munthu amakokera makwinya a nsalu kuti onse akathere mbali imodzi. Manja asasiye tayala panjira. Mukasiya, mkombero umabwerera pamene unali. Mukafika kumunsi mupeza kuti masentimita ena atatu kapena anayi alowa mosavuta. Bwererani kumwamba, muchitenso chimodzimodzi. Pa tayala lothina kwambiri, ulendo umenewu umabwerezedwa katatu kapena kanayi, ndipo nthawi iliyonse kachigawo kotsala kamafupika.

Pali vuto lina lotopetsa: mukulowetsa kumanja, kumanzere kukutuluka. Mangani mbali imodzi ndi kalamba, chingwe kapena zip tie mozunguliza tayala ndi limu, pamalo enieni pamene mkombero ukudutsa khoma. Timalamba tina tiwiri kapena titatu tomangidwa mothina kuzungulira wilo timagwira mkombero m'ngalande, manja anu n'kumasuka.

Kachigawo komaliza musakayambe pakati. Pakati ndi pamene mkombero uli kutali kwambiri ndi khoma, ndipo kuukweza pamenepo kumafuna mpata wonse nthawi imodzi. Yambirani m'mphepete, pamene mkombero ukungodutsa kumene khoma, muzilowetsa sentimita imodzi kapena awiri. Zala zazikulu si chida chabwino pa ntchitoyi. Tembenuzani wilo kuti mbali yosalowayo iyang'ane kutali ndi inu, gwirani tayala lonse ndi zikhatho, mulipotokolere kwa inu ngati mukufuna kuligubuduza kudutsa pamwamba pa limu. Mphamvu imachokera m'mikono ndi m'mapewa. Magolovesi a labala kapena kansalu kouma zimathandiza kugwira, makamaka manja akanyowa ndi sopo.

Liva si yoletsedwa, ngakhale ena amalankhula ngati kuigwiritsa ntchito n'chamanyazi. Chofunika n'chakuti ibwere pomaliza, mpata wonse utasonkhanitsidwa kale. Ikhale ya pulasitiki, ya mlomo wopyapyala ndi wotambalala. Ilowetseni pang'ono chabe, mlomo wake ungokola nsonga ya khoma, pafupi ndi m'mphepete mwa kachigawo kotsala, ndipo muikweze pang'onopang'ono. Ikalowa kwambiri imakanda tepi, ndipo tepi yokandika pa bowo la sipoko imadzatulutsa mpweya mawa lake, silanti, madzi omata amene amathiridwa m'tayala kuti azitseka timabowo, n'kulowa m'kati mwa limu. Liva yachitsulo, sikuludiraiva kapena chogwirira cha supuni zimasiya zipsera pa aluminiyamu, ndipo pa kaboni zimatha kuswa khoma, wilo lonse n'kutha ntchito. Chida chabwino koposa liva pa matayala amakani ndi chija chooneka ngati pulayazi, monga Tire Bead Jack ya Kool Stop: mwendo umodzi umaponda nsonga ya limu mbali ya kutali, ngowe yake n'kukola mkombero ndi kuukokera m'mwamba, popanda chilichonse kulowa pansi pa tayala.

Ngati mukuika chubu, chipopeni kaye pang'ono, chingozungulira koma chikhale chofewa. Chubu chophwa chimapindika n'kulowa pansi pa mkombero, chodzaza kwambiri chimakankha mkombero kuutulutsa m'ngalande. Mukafika pothina, chiphwetseni pang'ono. Pa valavu, ikankhireni m'kati mwa tayala kuti tsinde lake lokhuthala lisapanidwe, kenako muikokere kunja tayala litalowa. Musanapope, zungulirani wilo lonse mbali zonse ziwiri mukukankha tayala ndi kusuzumira: chubu chisaoneke paliponse pansi pa mkombero. Machubu a latex ndi a TPU ndi opyapyala kwambiri, liva ikangowakhudza basi abooka.

Kukhazika tayala pa mapewa

Kulowa si kutha kwa ntchito. Mikombero idakali m'ngalande, ndipo mpweya uyenera kuikankha kuti idumphe kamtumbira kaja n'kukhala pa mapewa. Apa tayala lothina limabweza ngongole yake, chifukwa silitaya mpweya wambiri, ndipo kawirikawiri pampu yoponda pansi imakwanitsa. Lomasuka ndi limene limafuna kompuresa kapena pampu yokhala ndi thanki. Onetsetsani kuti mikombero yonse iwiri ili uku ndi uku kwa tsinde la valavu, osati pamwamba pake. Mpweya ukamalowa mochedwa, masulani kamtima ka valavu, kachitsulo ka mkati kotsekera mpweya, kuti njira ikule, mudzakabwezere tayala litakhala. Kanati ka valavu kamangidwe ndi zala zokha. Kokhwimitsa ndi pulayazi kamapotoza labala ya tsinde, ndipo tsiku lofuna kuika chubu panjira kadzakana kumasuka.

Mumva kulira kwa "pha! pha!" mikombero ikamadumphira m'malo mwake, koma khutu lisakunamizeni. Pambali pa tayala, pamwamba pang'ono pa mkombero, pali kamzere kozungulira. Kayenera kuoneka motalikirana mofanana ndi nsonga ya limu kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri. Pamene kamira m'kati, mkombero sunakwere. Mankhwala ake si kuwonjezera mpweya mpaka ukwere. Phwetsani, pakani sopo pamalopo, popaninso.

Malire a mpweya amalembedwa pa tayala komanso pa limu kapena m'buku lake, ndipo wotsatira ndi wocheperayo. Izi n'zofunika kwambiri pa malimu a hookless, amene makoma ake ndi owongoka opanda kangowe kokola mkombero. Muyezo wa ETRTO umaika malire a malimu amenewa pa 5 bar, kapena kuti 72.5 psi, ndipo palibe chifukwa chopitirira pamenepo ngakhale pokhazika tayala. Pa hookless pamalowa tayala la tubeless lokha limene wopanga wavomereza, ngakhale mutaika chubu mkati, ndipo kunenepa kwake kugwirizane ndi limu: kuyambira 2023 ETRTO imati limu ya mamilimita 25 mkati ilandire tayala la 29 kupita m'mwamba. Pa limu ya ngowe, tayala wamba losakhala la tubeless limaloledwa, koma ndi chubu basi. Zilembo zosonyeza kuti tayala ndi la tubeless zimasiyana ndi kampani: TL, TR, TLR, TLE.

Tayala likakana kukhala, njira yodalirika ndi kuika chubu, kupopa mpaka mikombero yonse ikhale, n'kulisiya usiku wonse. Mawa lake mumasula mbali imodzi yokha, kuchotsa chubu, kuika valavu ya tubeless. Mbali inayo yakhala kale, makwinya a m'katoni atha, ndipo tepi yakanikizika bwino m'ngalande.

Silanti athiridwe tayala litakhala kale, kudzera pa valavu yochotsedwa kamtima. Kuthira tayala lisanalowe, kenako n'kuyamba kulimbana nalo, kumangomwaza silanti pansi ndi pa zovala. Tayala la mamilimita 25 mpaka 32 limafuna mamililita 30 mpaka 60, malinga ndi zimene wopanga walemba pa botolo. Gwedezani botolo kaye, thirani, popani, kenako zungulizani wilo ndi kuligoneka mbali iyi ndi iyo kuti silanti afike pa mikombero. Amauma pakapita miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, msanga kumalo otentha.

Pochotsa tayala, lamulo ndi lomwe lija koma chobwerera. Tulutsani mpweya wonse, mukankhe mkombero kuchoka pa phewa kugwera m'ngalande kuzungulira wilo lonse, kenako musonkhanitsire mpata ku valavu ndi kulowetsa liva pamenepo. Wolowetsa liva mkombero udakali pa phewa amathyola liva. Silanti wouma amamata mkombero pa limu, ndipo ukakanirira, gonekani wilo pa kansalu, mupotokole tayala ndi zikhatho pamalo amodzi mpaka limatuke. Pakangomatuka pamodzi, kwinako kumatsatira. Musanalibwezeretse, chotsani zotsalira za silanti pa mkombero ndi pa phewa, chifukwa nazo zimadya mpata komanso zimaletsa tayala kukhala molunjika.

Tayala limene layenda milungu ingapo limamasukako poyerekeza ndi latsopano, choncho kulowetsa kwachiwiri sikuwawa ngati koyamba. Koma pali matayala ndi malimu ena amene sagwirizana basi. Ngati tepi ndi yopyapyala ndipo yagona bwino, mkombero uli m'ngalande kuzungulira konse, sopo wapakidwa, koma pakufunikabe anthu awiri ndi chida chapadera, ndi bwino kusintha tayala n'kugula la mtundu wina. Silanti satseka bowo lililonse. Tayala likachekeka kwambiri panjira pamafunika kulichotsa, kuika chubu ndi kulibwezeretsa ndi maliva awiri a m'thumba, manja atanyowa ndi silanti, ndipo chubucho chimatenganso gawo la ngalande imene inali yoperewera kale.